Tambala wa Chinkhoswe cha Thandie

"Ndi katemera uja basi. Ine ndanena kale."

"Katemera wa mu Julaye adzaphe nkhuku mu Okutobala?"

"Poizoni wina amayenda wapansi, amake Thandie. Gwirani miyendo iyi ndimange."

A Jailosi anali atagwada pafupi ndi njinga, luzi lili kukamwa, thadzi lamawanga lili m'khwapa. Mkazi wawo Rozina anagwira miyendo ya thadzilo monga anamuuzira, koma maso ake anali kuseri kwa khola, kumene nkhuku zinayi zakufa zinali zitafunditsidwa chiguduli. Ziwiri zinafa dzulo lake, ziwiri anazipeza m'mawa womwewo. Zina ziwiri zinangoima pansi pa mtengo wa nachesi, mapiko ali lende ngati zavala jekete la mwini wake, zikupumira kukamwa.

Pakhomopo panali nkhuku makumi awiri. Rozina anayamba ndi misoti iwiri zaka zitatu zapitazo. Mbuzi analibe, ndipo mapiri a kwa Kanduku sapatsa munthu chimanga chofika mu Febuluwale. Nkhukuzo ndizo zinali ng'ombe zake. Dzira la wodwala, ndiwo za mlendo, sopo wa pakhomo, zonse zinkachokera m'khola lomwelo.

Nzeru ya a Jailosi inali yoti athawitse zimene zinali zisanagwe. Azimange, aziike m'chikwere pa kaliyala, apalase mpaka kwa Nthache, kumene mwana wawo Thandie anali atangotengedwa kumene kukakhala kwa mwamuna wake. Apongozi ake a Thandie anali ndi khola lalikulu, nkhuku zoposa makumi anayi.

"Kumeneko kuli mphepo yabwino," anatero a Jailosi. "Zikakhale mwezi umodzi, mudzi uno ukazizira tidzakazitenga."

Rozina anapitiriza kugwira miyendo ya thadzi lija. Iye ankadziwa chinthu china chimene mwamuna wake sankachidziwa.

Masiku khumi apitawo pakhomopo panali chinkhoswe cha Thandie. Monga mwa mwambo, akuchikazi anapereka msoti, akuchimuna anapereka tambala. A Timoti, malume ake a mkamwiniyo, ndiwo anabwera naye: chitambala chofiira, chachitali ngati mwana woyamba kuyenda, mpaka amayi anachiimbira nthungululu. Wolandira anali achimwene ake a Rozina. Koma iwo amakhala pa lendi ku boma, kopanda khola, choncho anamusiya tambalayo kwa mlongo wawo.

Madzulo a tsikulo Liness, mnansi wawo amene amatemera nkhuku m'mudzimo, ananong'oneza Rozina kuti tambalayo ayambe wakhala payekha masabata awiri. A Jailosi anamva.

"Mkamwini timamutsekera m'dengu?" anafunsa. "Akuchimuna akamva adzati chiyani?"

Tambala analowa m'khola tsiku lomwelo ngati mwini nyumba.

Lolemba sanalire. Lachiwiri anakana madeya. Lachitatu, a Jailosi ali ku ganyu youmba njerwa, Rozina anamupeza ali khuma, zitosi zake zili zobiriwira, zamadzimadzi. Mantha anamugwira. Tambala wa chinkhoswe kufa yekha pakhomo sabata isanathe! Anthu akanati ndi malodza a ukwatiwo. Ena akanati akuchikazi anyoza mphatso. Ndipo Thandie ndi amene akanamva zonsezo m'nyumba ya eni. Rozina anatenga mpeni. Masana a Jailosi anauzidwa kuti alamu awo abwera kudzatenga tambala wawo, ndipo ndiwo zili m'mbalezo ndi kathadzi kaja kanasiya kuikira. A Jailosi nkhuku zawo amazidziwa bwino zikakhala m'mbale. Anadya nthutumba, nanyambita zala.

"Odi kuno! Ndamva kuti ndapha nkhuku."

Anali Liness, ndowa yopanda madzi ili m'manja. Nkhaniyo anaimvera pa mjigo, kumene mawu a a Jailosi anafika iwo asanasambe n'komwe kumaso.

"Sindinatchule munthu," anatero a Jailosi osadzutsa mutu. "Ndatchula kabotolo kanu."

"Kabotolo kalibe pakamwa, ndiye ndabwera kudzakayankhira. Asisi, zafazo zili kuti?"

Rozina anamulondolera kuseri. Liness anavala majumbo awiri m'manja, navundukula chiguduli ndi kamtengo. Anayang'ana mitu yotupa, mamina m'milomo, zitosi zobiriwira zomata nthenga za kumbuyo. Kenako anapita pa mtengo wa nachesi. Imodzi mwa zodwala zija inali itapotoza khosi, mlomo utaloza kumwamba, ikuzungulira pamalo amodzi.

"Ichi chikuoneka chitopa," anatero. "Alangizi a ziweto ndiwo atsimikize, ndiwaimbira. Koma bambo a Thandie, tabwerani. Ndili ndi funso laling'ono."

A Jailosi anabwera, luzi likadali m'manja.

"Tsiku lija ndinabwera kudzatemera, munatsegula khola nthawi yanji?"

"Nthawi yotsegula khola."

"Ndinati musatsegule mpaka nditafika."

"Zinkachita phokoso."

"Ndiye tinathamangitsana nazo, ine ndi asisi, mpaka m'munda wa nandolo. Tinagwira khumi ndi ziwiri. Iliyonse imene ndinaidonthezera m'diso ndinaimanga kansalu kofiira kumwendo. Mukukumbuka?"

"Ndinkayesa ndi zokongoletsa."

"Yang'anani miyendo ya zinayi izi."

A Jailosi anawerama. Liness anatembenuza nkhuku imodziimodzi ndi kamtengo kaja. Panalibe kansalu ngakhale kamodzi. Anapita pa zodwala ziwiri zija. Nazonso miyendo inali mbee. Kenako Liness analoza thadzi lamawanga limene linali chigonere pafupi ndi njinga, miyendo yomanga, maso ali gwa, likufuna kujompha luzi. Pamwendo wake wamanzere panali kansalu kofiira, kothimbirira ndi fumbi.

"Poizoni wanga ndi wodabwitsa," anatero Liness. "Akupha zokhazokha zimene sizinamulawe."

A Jailosi anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Chabwino. Kabotolo kapite, kalibe mlandu. Koma matenda alipo, si choncho? Ndiye n'chifukwa chake ndikuthawitsa zotsalazi. Zodwala ziwirizi muziikire makapisozi m'madzi, ndi tsabola."

"Makapisozi musunge. Chitopa chilibe mankhwala, chili ndi katemera yekha, ndipo katemerayo ndi wa nkhuku imene isanadwale. Anapiye akamachita zitosi zamagazi, amenewo ndi matenda ena, mankhwala ake alipo kwa alangizi. Utitiri, nyongolotsi, zonsezo zili ndi pothawira. Ichi ayi. Yodwala mumaipatula, kuipatsa madzi oyera ndi chakudya pamthunzi, ina imalimba yokha, zambiri zimapita."

"Ndiye bwino ndipulumutse zamoyo."

"Mukazitenga mwatenganso matenda. Ali m'zitosi, m'nthenga, kumapazi, ngakhale m'chikweremo. Ziwiri zopanda kansalu zikuoneka zamphamvuzo mwina zatenga kale. Nkhuku imatha masiku angapo ikudya bwinobwino matenda ali m'kati."

A Jailosi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagonja kamodzi ndipo sakufuna kugonjanso tsiku lomwelo.

"A Liness, ine ndakulira m'mudzi muno. Chitopa chimabwera ndi mphepo ya chilimwe. Aliyense amadziwa."

"Mphepo yake yosankha khomo limodzi? Kwa ine kulibe. Kumtunda kulibe. Ndafunsa pa mjigo, palibe wina walira. Chitopa sichimera ngati bowa, bambo. Chimabwera ndi miyendo, kapena pa njinga. Chalowa chatsopano m'khola muno n'chiyani masabata awiriwa?"

"Palibe."

"Tambala wa chinkhoswe uja?"

"Ameneyo ndiye musamutchule. Chitambala chathanzi ngati chija? Pano chili ku boma kwa alamu, chikudzutsa mabwana. Mwaona? Mlendo ali bwinobwino, eni khola akufa. Ndiye mwati matenda abwera ndi ndani?"

Liness anaika kamtengo kaja pansi. Funsolo linali lomveka. Anayang'ana Rozina, koma Rozina ankayang'ana chala chake chachikulu cha kuphazi.

"Ngati tambalayo ali moyo," anatero Liness pang'onopang'ono, "ndiye pali china chimene sindikuchiona. Komabe musazisunthe."

"Mwavomera nokha kuti simukuona."

A Jailosi anabwerera ku njinga. Analowetsa thadzi lamawanga m'chikwere, nagwira lina, kenako kamsoti kakuda kopanda kansalu. Rozina ankangowapatsira luzi. Anaona chikwere chikudzadza. Anaona mwamuna wake akuchikweza pa kaliyala, akuchizenga ndi mphira, akupinda thalauzi kumwendo wa tcheni.

M'mutu mwake munali khola lina, la kwa Nthache, limene analiona kamodzi kokha. Anaona nkhuku makumi anayi zikugwa imodziimodzi. Anaona apongozi a Thandie ataima pakati pa bwalo akufunsa kuti zimenezi zabwera ndi ndani, ndipo mtengwa wa masiku khumi ali chilili pambali, wopanda woti amuyankhire. Iye anapha tambala kuti mwana wake asanenedwe. Tsopano manenedwe enieni ndiwo anali pa kaliyala.

A Jailosi anaponda pedulo.

"Abambo ake a Thandie."

"Ndichedwa, dzuwa likula."

"Tambala uja sali ku boma."

Phazi linatsika pa pedulo.

"Ali kuti?"

"Munadya Lachitatu."

A Jailosi anacheuka n'kumuyang'ana.

"Nthutumba ija?"

"Yomweyo."

"Munati ndi kathadzi kokalamba."

"Kathadziko ndi ako kali m'chikwere kumanzereko."

A Jailosi anasuzumira m'chikwere. Kathadzi kokalamba kanawayang'ana ndi diso limodzi.

"Ndinayamikira ndiwo zimene zija," anatero motsitsa mawu.

"Munayamikira."

Rozina anafotokoza zonse: kusalira kwa Lolemba, madeya a Lachiwiri, zitosi zobiriwira, mantha ake. Liness sanamudzudzule. Anangofunsa kumene anataya nthenga ndi matumbo.

"Kudzala."

"Kumene zimapalasa tsiku lonse. Nanga madzi otsukira nyama?"

Rozina analoza pansi pa mtengo wa nachesi, pomwe panaima zodwala ziwiri zija.

"Basi, nkhani yatha," anatero Liness. "Tambalayo anagona nazo masiku anayi, kenako munazigawira zotsala zake. Asisi, nkhuku yodwala sitidya, sitigulitsa, sitipatsa galu. Matenda ena a nkhuku amafanana ndi chitopa koma amagwiranso anthu, ndipo ndi maso simungawasiyanitse. Yafa yokha kapena yadwala, ikwiriridwe yathunthu."

A Jailosi anagwira pamimba pawo.

"Papita sabata, bambo, muli bwino. Masulani chikwerecho, mutenge khasu."

Ntchito inatenga m'mawa wonse. A Jailosi anakumba dzenje lofika m'chiuno kumapeto kwa munda, kutali ndi njira ya kumjigo. Anaponyamo zakufa zinayi pamodzi ndi chiguduli, nathira phulusa, nakwirira, naikapo miyala kuti agalu asafukule. Rozina anatentha zinyalala za kudzala, anapala zitosi zonse m'khola n'kuzikwirira, natsuka zomwera ndi madzi otentha ndi sopo. Zodwala anaziika m'kakhitchini kakale. Ziwiri zopanda kansalu anaziika m'chikwere pazokha. Zakansalu anazitsekera m'khola, kuti zisayendere makomo a anthu. Liness asanatuluke pa mpanda anasamba m'manja, natsuka masilipasi ake.

"Kwanga sindilowa m'khola lero ndisanasinthe zovala," anatero. "Inunso musapite kukaona nkhuku za anzanu. Ndipo kwa Nthache muimbeko. Ngati tambalayo anachokera m'khola lawo, nawonso ali pamoto."

Apa Rozina anazengereza kuposa poyamba. Koma masana anakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, naimbira Thandie. Yankho linamudabwitsa. Nkhuku za apongozi zonse zinali bwino. Palibe ngakhale imodzi inatsokomola.

Alangizi a ziweto anabwera mawa lake pa njinga yamoto. Anaona zodwala, anavomereza mawu a Liness, nalengeza kuti m'mudzimo musatuluke kapena kulowa nkhuku mpaka matenda atazilala. Anthu anang'ung'udza, koma anatsekera zawo.

Zodwala ziwiri zija zinafa. Mwa ziwiri za m'chikwere, imodzi inafa, kamsoti kakuda kanadwala n'kuchira, koma khosi linatsala lopindika, moti kankayang'ana munthu ngati sikakukhulupirira zimene akunena. Zakansalu khumi ndi ziwiri zonse zinatsala. Imodzi inazizidwa masiku awiri, kenako inayambanso kulimbirana madeya. Makomo oyandikana nawo sanataye nkhuku.

Kumapeto kwa Novembala, matenda atatha, linakwana tsiku la katemera wina. Liness anayamba m'mamawa dzuwa lisanatenthe, kabotolo katakulungidwa m'kansalu konyowa m'kadengu. Pakhomo pa Rozina anapeza khola lili chitsekere, a Jailosi atakhala pa mpando patsogolo pa chitseko ngati mlonda wa pa chipata cha malire.

"Zachita phokoso?" anafunsa Liness.

"Zichite. Lero palibe wotuluka wopanda chidindo."

Amayi atatu oyandikana nawo anabwera kudzaonerera, poti makola awo ndiwo anali otsatira. A Jailosi ankagwira nkhuku n'kuipendeketsa mutu, Liness n'kudontheza dontho limodzi m'diso, kudikira kuti iphethire, Rozina n'kumanga kansalu, ulendo uno kobiriwira. Anapiye a masiku anayi nawonso analandira dontho lawo.

Ali pakati pa ntchitoyo kunamveka belu la njinga. Anali a Timoti, nkhoswe ya kuchimuna, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Pa kaliyala panali tambala woyera, wamng'ono ndithu. Atapatsidwa mpando ndi madzi, anavula chipewa nachiika pabondo.

"Nkhani ija tinaimva," anatero. "Ndabwera ndekha kuti ndiinene ndi pakamwa panga. Tambala amene banja linapatula kuti abwere kuno ndi uyu. Tsiku la chinkhoswe ndili m'njira ndinamuyang'ana, ndinati koma kameneka kakatichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndiye pamsewu, pafupi ndi msika, ndinapeza munthu ali ndi nkhuku pa njinga. Chitambala chofiira chija anandipatsa pamtengo wa msoti. Sanalimbelimbe n'komwe. Ine ndinati Mulungu wandiona. Kakang'onoka ndinakasungitsa kwa mnzanga wa pa golosale."

"Nkhuku yotsika mtengo m'chilimwe imakhala ikuthawa kwawo, bambo," anatero Liness. "Mwini wake waona zinzake zikugwa."

"Ndaphunzira, mayi. Ulemu ndinaufuna waukulu, ndinabweretsa maliro." A Timoti anamasula tambala woyera uja namupereka ndi manja awiri. "Landirani wanu weniweni."

Onse anayang'ana a Jailosi. A Jailosi anayang'ana khola, nayang'ananso a Timoti. Rozina sanadikire. Anawomba m'manja mwaulemu, analandira tambalayo, namupereka kwa Liness kuti amudonthezere m'diso. Kenako analowa m'kakhitchini kakale, natuluka ndi chikwere chotsukatsuka, nachiika pamthunzi kutali ndi khola.

"Ankhoswe, musaone ngati mwano," anatero. "Mlendoyu agona kuno masabata awiri. Madzi ndi madeya azilandira ngati mfumu. Akatha masikuwo ali bwino, akalowa kwa anzake."

A Timoti anaseka mpaka chipewa chinagwa pabondo.

"Mwano unali wanga. Mutsekereni. Mukafuna munditsekere nanenso."

Liness anatseka kabotolo kake, nakabwezera m'kansalu konyowa, nacheukira amayi aja.

"Mwaona nokha, sindikuwonjezera. Chitopa sichichizika, chimapewedwa. Katemera ndi katatu pachaka, Malichi, Julaye ndi Novembala, nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, zisanadwale. Nkhuku yachilendo, kaya yogula, kaya yamphatso, kaya yachokera kwa apongozi, iyambe yakhala payokha masabata awiri. Ndipo zikayamba kugwa, musabise ndipo musathawitse. Patulani, kwirirani zakufa, itanani alangizi tsiku lomwelo. Khomo lino latsala ndi nkhuku khumi ndi zitatu chifukwa cha dontho limodzi m'diso, ndipo kwa Nthache kwatsala makumi anayi chifukwa munthu mmodzi analankhula njinga isananyamuke."

Rozina anawerama ngati akukonza mfundo ya kansalu. A Jailosi anatsegula khola. Nkhuku zinatuluka mothithikana, tinsalu tobiriwira tikuphiriphitha m'fumbi, kamsoti kopindika khosi kali pambuyo.

A Timoti anaziyang'ana zikubalalika, kenako anapukusa mutu.

"Chikundiwawa n'chakuti munthu wogulitsa uja anali nazo zambiri. Chikwere chodzadza, zina zolendewera ku mahandulo. Madzulo pobwerera ndinamupeza pomwepo akumwa tiyi, njinga ili mbee. Zonse zinali zitagulidwa."

Rozina anasiya kumanga mfundo ija. Anayang'ana a Timoti, anayang'ana Liness, kenako njira yotsikira kumsewu.

"Nanga zinazo zinakalowa m'makola a yani?"